Timibulu toyera totchedwa activated alumina: timagwira bwanji ntchito m'mafakitale ndi m'madzi akumwa?

Pali makolo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene adaonapo mwana akumera mano a mawanga oyera, amene pakapita zaka amasanduka ofiirira, ena mpaka kukumbika timaenje. Anthu amapereka zifukwa zosiyanasiyana. Ena amati mwanayo satsuka m'kamwa, ena amati nzakumtundu. Koma kawirikawiri gwero lake limakhala madzi amene mwanayo adamwa ali wamng'ono, ngati madziwo adali ndi mchere wotchedwa fluoride wopitirira muyezo.

Nkhaniyi ikafika pakati pa akatswiri a za madzi, kapena munthu akayamba kufufuza pa intaneti za masefa ochotsa fluoride, dzina limodzi silichedwa kutulukira: activated alumina. Chosokoneza nchakuti dzina lomweli limapezekanso pa nkhani za mafakitale oyenga mafuta, za utsi wa galimoto, ndi za makina oumitsa mpweya. Ndiye munthu amadabwa. Chinthu chimodzi chingagwire bwanji ntchito zosiyana chonchi? Ndipo ngati chimalowa m'fakitale ya mafuta, nchoyenera kuchiyika m'madzi amene ana athu amamwa?

Mwala wa ku Chimwadzulu ndi dothi la ku Mulanje

Alumina si wachilendo kwathu kuno. Paphiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Mozambique, pamapezeka miyala ya mtengo wapatali ya ruby ndi sapphire, imene idadziwika kumeneko mu 1958. Miyala iwiri yonseyi ndi alumina, kutanthauza aluminiyamu wolumikizana ndi okosijeni. Kufiira kwa ruby kumachokera ku kachitsulo kochepa kwambiri ka chromium kamene kadasakanikiramo. Mwalawu ndi wolimba moti mwa miyala yodziwika bwino, ndi dayamondi yekha amene amauposa. Ulibe pena paliponse poti madzi kapena mpweya nkulowa.

Alumina wa m'mafakitale sachokera ku miyala yokongolayi. Amachokera ku dothi lofiirira lotchedwa bauxite, limene Pierre Berthier adalizindikira mu 1821 pafupi ndi mudzi wa Les Baux ku France. Njira yopatulira alumina ku dothili adayitulukira Karl Josef Bayer cha m'ma 1888, akugwira ntchito ku St Petersburg, ndipo mpaka lero ndi yomwe dziko lonse limagwiritsa ntchito. Bauxite amamupera nkumuphika mu soda waukali. Aluminiyamu amasungunuka, pomwe dzimbiri ndi zina zimatsala ngati matope ofiira. Madzi aja akazizira, pansi pamadikha ufa woyera, umene uli aluminiyamu wogwirana ndi madzi. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a zimene zimatuluka pamenepa zimapita kokapanga chitsulo cha aluminiyamu, chimene timachidziwa m'mapoto ndi m'mawaya a magetsi. Gawo lotsalalo ndi limene likutikhudza pano.

Ku Malawi kuno bauxite alipo pamwamba pa phiri la Mulanje, makamaka ku Lichenya. Adapezeka m'zaka za m'ma 1920, ndipo akuyerekezedwa kuti ndi matani oposa 25 miliyoni, koma sadakumbidwepo pa malonda.

Tisasokoneze alumina ndi alamu. Alamu ndi mankhwala amene mabungwe opereka madzi a m'mipope amathira m'madzi amatope kuti litsiro lidikhe, ndipo iye amasungunuka. Alumina sasungunuka m'madzi wamba. Amakhala phee pomwe wayikidwa, madzi nkumadutsa.

Moto umene umatsegula timabowo

Ufa woyera uja ukatenthedwa pa moto wa madigiri apakati pa 300 ndi 600, madzi amene adali m'kati mwake amathawa ngati nthunzi. Pothawapo amasiya timabowo tosaoneka ndi maso, tolumikizana m'kati monse. Ufawo amauumba kukhala timibulu toyera, tina tokula ngati njere za mapira, tina ngati nandolo, tina tosalala ngati mchenga. Ameneyu ndiye activated alumina.

Moto ukapitirira, kufika madigiri oposa 1,000, timabowo tija timatsekeka ndipo alumina amasanduka wolimba, wa mtundu womwe uja wa ku Chimwadzulu. Pamenepo ntchito yosefa sangaigwirenso. Choncho luso lonse lagona pa kuwotcha mokwanira kuti madzi achoke, koma osafika poti makoma a timabowo agwe.

Phindu la timabowoti ndi malo. Titati titambasule makoma onse a m'kati mwa galamu imodzi yokha ya timibuluti, angakwane masikweya mita oposa 200. Bwalo la mpira wamiyendo limakhala la masikweya mita pafupifupi 7,000. Ndiye kuti magalamu 35, amene ndi masupuni akuluakulu atatu okha, ali ndi makoma okwana bwalo lathunthu. Ntchito zonse zimene tikambe m'munsimu zimachitikira pa makoma amenewa.

Kumatirira

Ntchito yoyamba akatswiri amaitcha adsorption. Ndi pamene tinthu tina ta m'madzi kapena mumpweya timamatirira pa khoma la chinthu cholimba, pomwe zina zonse zikupitirira. Tinthuto sitisungunuka m'kati mwa khomalo, timangokhala pamwamba pake, ndipo nchifukwa chake kuchuluka kwa makoma kuli kofunika chotere.

Anthu adayamba kuona zimenezi pa makala. Mu 1773 Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden adalemba kuti makala amagwira mpweya wina, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse makala okonzedwa mwapadera ndiwo ankayikidwa m'zophimba kumaso za asilikali pofuna kuwateteza ku utsi wapoizoni. M'zipatala mpaka lero munthu amene wamwa poizoni wa mitundu ina amamwetsedwa makala otere. Koma chinthu chilichonse chili ndi zimene chimakonda kugwira. Makala amagwira bwino fungo, kulorini ndi mankhwala ochokera ku mafuta, koma fluoride amawadutsa pafupifupi yense. Alumina amakonda madzi, fluoride, arsenic ndi selenium.

Kukonda madziko ndiye kudampezera msika woyamba. Mpweya wopopedwa ndi kompuresa umakhala ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chimachititsa dzimbiri m'mapaipi, chimawononga penti wopopera, chimasokoneza makina. Mafakitale amadutsitsa mpweyawo m'thanki yodzaza ndi timibulu, ndipo umatuluka wouma gwa. Pamene chinyezi chili chambiri, timibuluti tingathe kusunga madzi okwana gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake kapena kuposerapo. Mathanki amakhala awiri: ina ikamagwira ntchito, inzake imakhala ikuumitsidwa, mwina ndi mpweya wouma, mwina ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 200. Makina okha ndi amene amasinthanitsa mathankiwo nthawi ikakwana. Gasi wa pansi pa nthaka amaumitsidwa chimodzimodzi asadalowe m'mapaipi, ndipo mafuta a m'mathiransifoma a magetsi nawonso amatsukidwa ndi alumina.

Mfundo ya mathanki awiriyi tiisunge. Fakitale siyiyembekezera kuti timibulu tigwire ntchito mpaka kalekale. Imadziwa kuti tidzadzaza, ndipo idakonzeratu chochita tikadzaza.

Fluoride: pang'ono amateteza, wambiri amawononga

Mu 1901 dokotala wa mano wachinyamata, Frederick McKay, adafika ku Colorado Springs m'dziko la America nkupeza kuti anthu ambiri obadwira kumeneko ali ndi mano a mawanga ofiirira. Adatha zaka 30 akufufuza. Ankakayikira madzi, koma sankadziwa kuti m'madzimo muli chiyani. Yankho lidachokera kumene sankaganizira. M'tauni ya Bauxite ku Arkansas, kumene kampani ya Aluminum Company of America inkakumba bauxite, ana nawonso adali ndi mano otere, ndipo kampaniyo inkaopa kuti anthu adzaloza chala aluminiyamu. Mu 1931 katswiri wake wamkulu, H. V. Churchill, adayeza madzi a chitsime cha m'tauniyo nkupezamo fluoride wa mamiligalamu oposa 13 pa lita. Patangopita zaka zochepa ofufuza adaona kuti alumina amagwira fluoride, ndipo mu 1952 tauni ya Bartlett ku Texas idayamba kusefa madzi ake onse ndi activated alumina.

Kafukufuku yemweyo adaonetsanso mbali ina: kumene fluoride adali wochepa, pafupifupi miligalamu imodzi pa lita, mano a ana sankabowoka kwambiri. Nchifukwa chake mzinda wa Grand Rapids ku America udayamba kuthira dala fluoride m'madzi mu 1945, ndiponso nchifukwa chake mankhwala otsukira mano amene timagula m'golosale amalembedwa kuti muli fluoride. Palibe kutsutsana apa. Nkhani ndi muyezo.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Kupitirira apo, mano a ana amayamba kuchita mawanga. Kuwonongekaku kumachitika mano akadali kupangidwa m'nkhama, kuyambira ukhanda mpaka zaka pafupifupi 8, ndipo sikufufutika ndi mswachi. Munthu amene wasamukira kudera lotere ali wamkulu mano ake sasintha, koma mafupa ake sali otetezeka. Madzi a fluoride wochuluka kwambiri akamwedwa zaka zambiri, mafupa amauma, msana ndi mawondo zimapweteka, ena amafika popindika. Kumadera otentha vuto limakula msanga chifukwa anthu amamwa madzi ambiri.

Dziko lathu lili kumapeto kwa chigwa chachikulu cha Rift Valley, chimene chimadutsa ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania, ndipo maiko onsewa amalimbana ndi fluoride. Aliyense amene adatsikapo kuchoka pa Dedza boma kupita ku Golomoti kapena ku Mtakataka, kapena kuchoka ku Ntcheu kulowera m'chigwa cha Bwanje, adatsika khoma la chigwa chimenechi. Fluoride amachokera m'matanthwe enieniwo. Madzi akakhalitsa pansi pa nthaka m'ming'alu ya miyala ya mtundu wa granite ndi syenite, makamaka ngati ndi otentha ndipo alibe laimu wambiri, amasungunula fluoride pang'onopang'ono. Akasupe a madzi otentha ndiwo amakhala naye wambiri zedi. Madera a ku Nsanje, Chikwawa, Machinga, Nkhotakota ndi Karonga adatchulidwapo m'kafukufuku wa vutoli. Koma si kuchigwa kokha. Ku Nathenje, pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Lilongwe, kafukufuku wosindikizidwa mu 2007 adapeza madzi a pansi pa nthaka ofika mamiligalamu 7 pa lita.

Chovuta nchakuti fluoride alibe mtundu, alibe fungo, samveka pa lilime. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ingasiyane kutalitali, chifukwa umodzi udagunda mng'alu wina, unzake mng'alu wina. Kuwiritsa sikumuchotsa, ndipo madzi akaphwera pa moto fluoride amangochulukirapo m'madzi otsalawo. WaterGuard ndi kulorini amapha tizilombo, koma fluoride samukhudza. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza madziwo.

Apa pali mfundo imene imasokoneza ambiri. Malawi ali ndi miyezo iwiri. Madzi a m'mipope okonzedwa ndi mabungwe a madzi sayenera kupitirira muyezo wa WHO wa 1.5. Koma muyezo umene Malawi Bureau of Standards idakhazikitsa mu 2005 wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime umalola mpaka mamiligalamu 6 pa lita. Choncho mjigo ungathe kulembedwa kuti wapambana mayeso, pomwe ana omwa madzi ake akuchita mawanga m'mano.

Sefa ikadzaza

Pa makoma a alumina pali timalo timene fluoride amatha kukhalapo. Madzi akamadutsa pang'onopang'ono, fluoride amatsalira pa timaloto. Ntchitoyi imayenda bwino kwambiri madzi akakhala owawasa pang'ono, pa muyezo wa pH wa 5.5 mpaka 6. Madzi a m'mijigo yambiri amakhala pa 7 kapena 8, ndipo amakhala ndi mchere wa bicarbonate umene umalimbirana malo ndi fluoride. M'madzi otere sefa imagwirabe ntchito, koma imadzaza msanga. Matope ndi dzimbiri la m'madzi nazo zimatseka timabowo. Mafakitale akuluakulu a madzi amathira asidi pang'ono madzi asadalowe m'sefa, kenaka nkuwabwezeretsa mwakale akatuluka. Pakhomo zimenezi nzovuta kuchita.

Tiwerengere limodzi, mongopereka chitsanzo. Tinene kuti banja limagwiritsa ntchito chigubu chimodzi cha malita 20 patsiku pa kumwa ndi kuphika, ndipo mjigo wawo uli ndi mamiligalamu 5 pa lita. Kuti madzi atsike kufika pa 1, sefa iyenera kugwira mamiligalamu 80 tsiku lililonse. Ngati kilogalamu imodzi ya alumina ingasunge mamiligalamu 2,000 m'madzi a mtundu umenewo, sefa ya makilogalamu atatu idzadzaza pakatha masiku 75. Manambalawa amasintha malinga ndi madzi ndiponso mtundu wa alumina, koma akuonetsa kukula kwa nkhani: tikukamba za miyezi yowerengeka, osati zaka.

Ndipo sefa ikadzaza siichenjeza. Madzi amatuluka oyera ngati dzulo, kukoma kwake chimodzimodzi, koma fluoride yense akudutsa. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene otsatsa masefa sakonda kukhalitsapo. Mayi amene wagula sefa ndi ndalama zake za mbatata, nkumamwetsa ana ake madziwo ndi mtima wokhazikika, ayenera kuuzidwa tsiku limene sefayo idzasiye kugwira ntchito, ndiponso kumene angapite nayo.

Alumina wodzaza angathe kutsitsimutsidwa. Amamuviika mu soda waukali wosungunulidwa, amene amachotsa fluoride pa makoma. Kenaka amamutsukuluza, nkumudutsitsa mu asidi wochepetsedwa mphamvu, nkumutsukuluzanso. Ulendo uliwonse mphamvu yake imatsikako pang'ono, mpaka pamene amafunika watsopano. Soda ndi asidi ndi mankhwala owotcha khungu ndi maso, osayenera kusungidwa m'nyumba momwe muli ana. Madzi otsukirawo amakhala ndi fluoride wochuluka kwambiri, ndipo akatayidwa pafupi ndi mjigo amabwerera komwe adachokera. Nthawi zambiri amawathira laimu kuti fluoride agwirane naye nkudikha. Kutsuka kukachitika mosasamala, aluminiyamu pang'ono amatha kulowa m'madzi akumwa.

Ku India, makamaka ku Rajasthan, masefa a pakhomo a mtundu umenewu adagawidwa m'midzi yambiri mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo padakhazikitsidwa malo amene mabanja ankapititsako alumina wawo kukatsitsimutsidwa. Phunziro la kumeneko lidali lakuti moyo wa sefa umadalira malo otsitsimutsirawo. Akaima, masefa nawo amatha ntchito.

Alumina amagwiranso arsenic, poizoni amene adapezeka m'zitsime zambirimbiri ku Bangladesh, ndipo muyezo wake wa WHO ndi mamiligalamu 0.01 okha pa lita. Koma chimene sachita chiyenera kunenedwa momveka: sapha tizilombo. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kusiya mjigo chifukwa choopa fluoride nkukatunga kumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa kungabweretse imfa ya msanga. Madzi osefedwa ndi alumina amafunabe kutetezedwa ku tizilombo monga madzi ena onse.

Nkhoswe ya m'fakitale

Ntchito yachiwiri ya alumina ndi yosiyana. Pali mankhwala amene angathe kuphatikizana nkupanga chinthu chatsopano, koma paokha amachedwa kwambiri. Pakakhala chinthu china chachitatu, kuphatikizanako kumafulumira, pomwe chachitatucho sichitha ndipo sichikhala mbali ya chimene chapangidwa. Jöns Jacob Berzelius ndiye adafotokoza khalidweli mu 1835, ndipo chinthu chotere chimatchedwa catalyst. Tingachiyerekeze ndi nkhoswe. Nkhoswe imakumanitsa mbali ziwiri, ukwati nkumangidwa, koma iyo siilowa m'banjamo. Mawa ipita kukathandiza ena. Pa makoma a alumina, mankhwala awiri amamatirira moyandikana, amasinthana, nkuchokapo ali chinthu china, malo aja nkutsala opanda kanthu kudikira otsatira.

Chitsanzo chachikulu ndi cha salufa. Mafuta ndi gasi zochokera pansi zimakhala ndi mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, wotchedwa hydrogen sulphide, umene umapha munthu ukachuluka. Mu 1883 Carl Friedrich Claus adapeza njira yousandutsa salufa wachikasu, ndipo njirayo idakonzedwanso m'zaka za m'ma 1930. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweyawo limawotchedwa, kenaka limakumanitsidwa ndi wotsalawo pa timibulu ta alumina pa kutentha kwa madigiri 200 mpaka 350. Chotuluka ndi salufa ndi nthunzi ya madzi. Salufa wambiri amene amagulitsidwa pa dziko lero amachokera ku mafakitale a mafuta ndi gasi mwa njira imeneyi, ndipo wochuluka amapita kokapanga asidi wopangira feteleza. Mlimi wa ku Lizulu kapena ku Tsangano amene adazolowera thumba lolembedwa 23:21:0+4S adziwe kuti S wa kumapetoyo ndi salufa.

Nthawi zina alumina sakhala nkhoswe iye mwini, koma amakhala pokhalira pa zitsulo zimene zimagwira ntchitoyo. Zitsulo zodula zikamwazidwa mopyapyala pa makoma ake ambirimbiri aja, zochepa zokha zimakwanira. M'mafakitale oyenga mafuta, cobalt ndi molybdenum zoyikidwa pa alumina ndi zimene zimachotsa salufa mu dizilo. Dizilo wa salufa wochepa, wotchedwa 50ppm, amene amafika kuno kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam adadutsa pa timibulu totere asadakwere sitima.

Pansi pa galimoto zambiri zochokera ku Japan zimene zadzaza misewu yathu pali kabokosi ka pa ekizozi kotchedwa catalytic converter. M'kati mwake muli dongo lowotcha la timipata tambirimbiri, lopakidwa alumina, ndipo pa aluminayo pali magalamu ochepa a platinum, palladium ndi rhodium. Utsi ukamadutsa, mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, mafuta osapsa bwino ndi mpweya wina woyabwa m'mapapo zimasanduka mpweya wosaopsa kwambiri ndi nthunzi. Timabokositi tidayamba kufala ku America mu 1975. Petulo wa mtovu amatiwononga, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zifukwa zimene maiko a kum'mwera kwa Sahara adasiyira petulo wotere kumayambiriro kwa 2006. Amene amagula timabokositi tikatha ntchito amafuna zitsulo zodulazo, osati alumina. Galimoto yochotsedwa kabokosika imayendabe, koma utsi wake wonse umapita kwa amayi ogulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu.

Njira zina zilipo

Alumina si yekha amene angachotse fluoride. Ku India mu 1975 adayambitsa njira ya Nalgonda, yothira alamu ndi laimu m'ndowa, kutakasa, nkudikira kuti zidikhe. Ndi yotchipa, koma imafuna kuyeza mankhwala tsiku ndi tsiku ndipo imasiya matope. Ku Nakuru m'dziko la Kenya ndi kufupi ndi Arusha ku Tanzania amagwiritsa ntchito makala a mafupa a ng'ombe, amene, mosiyana ndi makala wamba, amagwira bwino fluoride ngakhale madzi asathiridwe asidi, ngakhale kuti anthu ena amawakana pa zifukwa za chipembedzo kapena mwambo. Makina a reverse osmosis amachotsa pafupifupi mchere wonse, koma amafuna magetsi ndipo amataya madzi ambiri. Palinso njira yosasefa nkomwe: kukolola madzi a mvula, kukumba mjigo pamalo ena, kapena kubweretsa madzi a m'mapiri pa mipope, monga a ku damu la Mpira ku Ntcheu. Madzi a pamtunda nthawi zambiri amakhala ndi fluoride wochepa, koma nawo ali ndi mavuto awo, monga tidaonera damu la Mpira litauma mu 2018.

Ofufuza a ku Chancellor College ku Zomba adayesanso bauxite wa ku Mulanje, ndipo adapeza kuti amagwira fluoride. Mphamvu yake siifika pa ya activated alumina wa ku fakitale, ndipo dothi losayengedwa lingathe kusintha mtundu wa madzi kapena kusiyamo zina. Komabe ndi la kwathu, silifuna ndalama zakunja.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la muyezo. Ena amati 6 ndi wokwera kwambiri ndipo atsitsidwe kufika pa 1.5, chifukwa mwana wa kumudzi ndi wa m'tauni ali ndi mano ofanana. Ena amayankha kuti kutsitsa muyezo lero kungasandutse mijigo yambiri kukhala yosavomerezeka pomwe palibe madzi ena oti anthu apatsidwe, ndipo amakonda kutsitsa pang'onopang'ono, kuyambira pa mijigo yatsopano. Ofufuza a ku University of Strathclyde ku Scotland, pogwira ntchito ndi boma la Malawi, adasindikiza kafukufuku mu 2020 wosonyeza kuti mtundu wa miyala ya pamalo ungathandize kulosera kumene fluoride angakhale wambiri. Mapu otere amaloza koyambira kuyeza, koma salowa m'malo mwa kuyeza mjigo uliwonse. Kodi ndalama zoyezera zichokere kwa wokumba, kwa khonsolo, kapena kwa anthu a m'mudzi? Ndipo zotsatira zake zisungidwe mu ofesi, kapena zilembedwe pa mjigo pomwepo kuti aliyense aziona?

Lachiwiri ndi la kukula kwa sefa. Sefa ya pakhomo imasefa madzi akumwa ndi ophikira okha, choncho alumina sawonongeka pa madzi ochapira. Koma mabanja mazana ambiri ndi ovuta kuwayendera. Sefa imodzi ya pa mjigo ndi yosavuta kuyang'anira, koma imafuna munthu wophunzitsidwa ndi ndalama za mwezi ndi mwezi, pomwe makomiti ambiri a mijigo amavutika kale kusonkhetsa za marabala ndi mapaipi a pampu ya Afridev. Kodi amakaniki a m'dera amene amakonza mijigo angaphunzitsidwe kugwira soda ndi asidi? Alangizi a zaumoyo angapatsidwe zipangizo zoyezera fluoride pa ntchito imene ali nayo kale?

Lachitatu ndi la Mulanje. Kupanga activated alumina kuno kungafune mgodi, soda wochokera kunja, magetsi ambiri, ndi malo osungira matope ofiira. Ofuna mgodi amaona ntchito ndi ndalama zakunja. Okana amaloza mitsinje imene imamwetsa midzi ndi minda ya tiyi, mikungudza ya paphiripo, ndi kuti mu 2025 UNESCO idayika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Bauxite wofunika pa masefa a madzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mgodi wa chitsulo, choncho pali funso ngati nkhani ziwirizi ziyenera kukambidwa pamodzi kapena padera.

Lomaliza ndi la zinyalala. Fakitale ya mafuta ili ndi malamulo ndi makontirakitala otenga timibulu takale. Mudzi wa ku Kasinje kapena ku Kachindamoto ulibe. Masefa atati afike m'midzi mazana, alumina wotha ntchito ndi madzi otsukira aja adzasonkhanitsidwa ndi ndani, ndipo adzakatayidwa kuti?